Kanema wa ukwati wakana kutseguka atakopedwa ku fulashi

Achimwene, mwanena kuti kanema wa ukwati amene munajambula ku Katete ankaoneka bwinobwino m'kamera, koma wakana kutseguka mutamusamutsira ku fulashi, ndipo eni ukwati ayamba kukuimbirani foni. Musanathamangire pulogalamu yokonzera, bwererani kaye ku khadi ya m'kamera. Ngati kanemayo akadali momwemo, musajambulirenso kalikonse pa khadiyo, ndipo kompyuta ikakupemphani kuti muichite format, kutanthauza kufufuta zonse zili pa khadiyo, mukane. Mukopeninso kupita mu kompyuta mwenimweni pogwiritsa ntchito chingwe china kapena card reader ina, chifukwa nthawi zambiri chimene chimawonongeka ndi kope lokha.

Kenako yerekezani mafayilo awiriwo. Tsegulani Properties pa iliyonse n'kuona kukula kwake, nambala yonse mpaka kumapeto. Ngati ya ku fulashi yachepa, ndiye kuti kukopa kunadukira panjira, mwina magetsi anazima kapena fulashi inazulidwa msanga isanachitidwe eject. Onaninso ngati fulashiyo ili pa FAT32, chifukwa dongosolo losungira mafayilo limenelo sililola fayilo imodzi kupitirira 4GB, pamene exFAT ndi NTFS zilibe malire amenewa.

Pali chifukwa chimene kanema woduka amakanira kutseguka ngakhale mbali yake yaikulu itafika. M'mafayilo a MP4 ndi MOV zithunzi ndi mawu zimakhala pazokha, ndipo pamakhalanso kachigawo kotchedwa moov, kamene kamauza pulogalamu yoonetsera pamene chithunzi chilichonse chili. Kali ngati kaundula wa kwa amfumu: anthu angakhale onse alipo m'mudzi, koma kaundula akatayika mlendo sangadziwe nyumba ya aliyense. Makamera ambiri amalemba kachigawo kameneka kumapeto kwa fayilo, choncho kukopa kukaduka, ndiko koyamba kusowa. Pa vuto limeneli pulogalamu yaulere ya Untrunc ndiyo imathandiza. Mumaipatsa kanema wowonongekayo pamodzi ndi kanema wina wabwino wojambulidwa ndi kamera yomweyo, makonzedwe ake osasintha, ndipo imatengera pa wabwinoyo kuti imange kaundula watsopano. Ine ndinapulumutsa motere magule amene ndinajambula pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, magetsi atazima ndili mkati mokopa, kenako ine n'kufufuta khadi mwaphuma. Komabe ndinapeza zokhazo zimene zinali zitafika. Mbali yomalizira sinabwerenso.

Ngati kanemayo akutseguka koma akudumphadumpha, yesani pulogalamu yoonetsera makanema ya VLC, imene imathanso kukonza kaundula wa mafayilo a AVI, kapena pulogalamu ya FFmpeg ndi lamulo la -c copy, limene limalongedzanso kanema popanda kuchepetsa kuoneka bwino kwake. Zonsezi muchitire pa kope lina, osati pa fayilo yokhayo imene muli nayo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mafulashi abodza otchipa aja, olembedwa 64GB koma mkati muli malo ochepa zedi. Fulashi yotere imaonetsa dzina la fayilo ndi kukula kwake molondola, pamene zimene zinapitirira malo enieni sizinasungidwe n'komwe. Pamenepo palibe pulogalamu imene ingathandize, ndipo musatayepo makwacha anu pogula mapulogalamu olonjeza zodabwitsa. Mukachotsamo zonse zofunika, iyeseni ndi pulogalamu ya H2testw kuti mudziwe kukula kwake kwenikweni.

Ngati munagwiritsa ntchito Cut m'malo mwa Copy, kotero kuti pa khadi palibenso kanthu, pulogalamu ya PhotoRec ingafukule kanemayo pa khadipo malinga ngati simunajambulireponso zina, koma zimene yapeza muzisungire pa chipangizo china. Tiuzeni pano mtundu wa kamera yanu ndi kukula kwa mafayilo awiriwo, kuti tidziwe ngati vuto lili pa kaundula kapena pa fulashi.