Dziwe la pachithunzi si dziwe lomwe mudzalipeze: kusankha riad ku Marrakech

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ya unamwino ku Manchester. Iwo ndi bambo akunyumba akwanitsa zaka 10 ali m'banja, ndiye akufuna kukapumula masiku asanu ku Marrakech, m'dziko la Morocco, mwezi wa February. Pa intaneti apeza nyumba ziwiri zogona alendo zamtundu wa riad, zonse zodula ndithu, zonse zili ndi dziwe losambiramo pakati pa bwalo. Ina ili pafupi ndi Jemaa el-Fnaa, bwalo lalikulu la pakati pa mzinda wakale, ina ili ku Kasbah, dera la kummwera kwa mzinda wakalewo. Funso lawo ndi lakuti asankhe iti, ndipo atsindika kuti chimene akufuna kwambiri ndi dziwe.

Achemwali, ndiyambe ndi zimene mwina sizikusangalatsani. Dziwe lija mwaliona pachithunzi, likung'anima ngati nyanja ya ku Mangochi m'mawa, n'kutheka kuti ndi laling'ono kuposa chipinda chanu chochezera. Ojambula amaima pakona, n'kugwiritsa ntchito kamera yotambasula zinthu, ndiye kadziwe ka mamita atatu m'litali kamaoneka ngati mungasambiremo uku ndi uku. Sikuti akukunamizani kwenikweni. Nyumbazi sizinamangidwe ndi cholinga choti muzikhala dziwe.

Mawu akuti riad amachokera ku Chiarabu ndipo amanena za munda. Riad yeniyeni inali nyumba ya banja lolemera, yoyang'ana m'kati: kunja mumangoona khoma lopanda mawindo ndi chitseko chimodzi, koma mukalowa mumapeza bwalo lokhala ndi mitengo ya malalanje, munda wogawidwa panayi, ndi kasupe pakati. Zipinda zonse zimazungulira bwalolo. Anthu akunja atayamba kugula nyumbazi ndi kuzisandutsa malo ogona alendo, makamaka kuyambira cha m'ma 1990, ambiri anachotsa kasupe kapena mbali ina ya munda n'kukumbapo kadziwe. Ntchito yake ndi yoti munthu aviikemo thupi akapsa ndi dzuwa la July ndi August, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40.

Inu mukupita mu February, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Makoma atali aja anawamanga dala kuti dzuwa lisamafike pansi nthawi yaitali. M'chilimwe ndi dalitso. M'nyengo yozizira, masana kunja kumafunda bwino, cha m'madigiri 20, koma usiku kumazizira kwambiri, ndipo madzi amene sakuona dzuwa amakhala ozizira tsiku lonse. Ine zinandigwerapo. Ndinalipira ndalama zoonjezera chifukwa cha dziwe, ndinangoviikamo phazi kamodzi, madzi ake ngati a pa Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje mwezi wa June. Masiku otsalawo ndinkangomwera tiyi m'mbali mwake.

Choncho alembereni eni ake a nyumba ziwirizo musanalipire kanthu. Afunseni kuti dziwelo ndi lalitali mamita angati, ndi lakuya bwanji, ndipo kodi madzi ake amatenthetsedwa. Akayankha kuti inde, funsaninso ngati amatenthetsa mu February momwemo komanso kufika madigiri angati, chifukwa ena makina ali nawo koma amayatsa pokhapokha mlendo akapempha, mwinanso molipiritsa. Ngati riad ili ndi dziwe lina pamwamba padenga, limenelo ndi lamtengo wapatali kuposa la pansi, poti limaona dzuwa, ndipo kunja kukayera mumaona mapiri a Atlas atavala chipale chofewa.

Koma kunena zoona, chimene chidzakoze kapena kuononga ulendo wanu ndi chipinda. M'riad mawindo amayang'ana pabwalo, ndipo bwalo limakweza mawu ngati ng'oma. Chipinda cha pansi choyandikana ndi dziwe chimaoneka chokongola kwambiri pazithunzi, koma munthu akatsokomola pachakudya cha m'mawa mudzamumva, ndipo mukatsegula katani anthu akudya msemen (zitumbuwa zopyapyala za ku Morocco) ndi uchi adzakuonani muli pabedi. Kwa anthu okumbukira tsiku la ukwati wawo, pemphani chipinda cha m'mwamba, ndipo mutchule dzina la chipindacho polipira, popeza m'nyumba zotere palibe zipinda ziwiri zofanana. Dziwaninso kuti masitepe ake amakhala opapatiza ndi otsetsereka, ndipo chikepe sichipezekapezeka. Ngati mawondo a bambo amavuta, muganizirepo. Funsani ngati m'chipindamo muli chotenthetsera. Makoma osalala a tadelakt (pulasitala wa laimu) ndi matailosi amitundumitundu a zellige amakongola zedi, koma m'mawa wa February amaluma kuphazi.

Tsopano za malo. Marrakech inakhazikitsidwa ndi mafumu a Almoravid cha m'ma 1070, ndipo mzinda wakalewo, medina, uli pamndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri ofunika kutetezedwa kuyambira 1985. Makoma ake ofiira amazungulira pafupifupi makilomita 19. M'katimo tinjira tambiri galimoto silingadutse. Takisi imakusiyani pachipata kapena pakabwalo kena, kenako katundu amakwera pangolo yokankha, inu n'kumatsatira pambuyo uku mukuzemba njinga zamoto. Funso lofunika ndi lakuti: kuchokera pamene galimoto limaima kufika pakhomo pali mtunda wa mphindi zingati? Mphindi zitatu ndi 12 zimasiyana kwambiri usiku mukuchokera kodya. Tsiku lofika lolani kuti a riad akutumizireni dalaivala ku bwalo la ndege la Menara ndi munthu wokuchingamirani. Mapu a pafoni amasochera m'tinjira timeneti, ndipo anyamata odzipereka kukulondolerani amafuna kenakake pamapeto.

Jemaa el-Fnaa ndi mtima wa mzindawu. Madzulo pamadzaza oimba, ovina, ofotokoza nthano ndi utsi wa nyama yootcha, ndipo nsanja ya mzikiti wa Koutoubia, yotalika mamita pafupifupi 77, ili chapafupi pomwepo. Ndi malo oti mupiteko usiku uliwonse ngati mukufuna. Kugona pafupi napo ndi nkhani ina, chifukwa ng'oma zimalira mpaka usiku ndipo tinjira timakhala todzaza. Ku Kasbah n'kofatsirako. Muli pafupi ndi chipata cha Bab Agnaou, manda a mafumu a Saadi, ndi mabwinja a nyumba yachifumu ya El Badi imene mfumu Ahmad al-Mansur inayamba kumanga mu 1578, pomwe adokowe amamanga zisa pamakoma. Kuyenda wapansi kupita ku Jemaa el-Fnaa ndi mphindi 15 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo galimoto limafika pafupi m'madera ambiri a kumeneko. Kuitana kwa mapemphero a m'bandakucha mudzakumva kulikonse kumene mungagone. Ine ndimakukonda, ena amatenga zotsekera m'makutu.

Chivomerezi cha pa 8 September 2023 chinagwetsa ndi kung'amba nyumba zina m'medina, makamaka cha ku Mellah, dera loyandikana ndi Kasbah. Werengani ndemanga za alendo a miyezi yaposachedwa, ndipo funsani ngati pali ntchito yomanga pakhomo loyandikana nalo. Onaninso kalendala, poti zaka zino Ramadan ikugwa cha m'February ndi March, ndipo malo ena odyera amasintha nthawi zotsegulira. Msonkho wa alendo nthawi zambiri amalipiritsa padera, pa munthu aliyense usiku uliwonse, ndiye sungani ma dirham, ndalama za ku Morocco, pang'ono m'thumba.

Ndikanakhala ine, ndikanatenga ya ku Kasbah, chipinda cha m'mwamba, bola atsimikize polemba kuti madzi amatenthetsedwa. Akakana, musataye nayo mtima nyumbayo ngati zina zonse zili bwino. Mahotela akuluakulu a kunja kwa makoma, ku Hivernage ndi ku Palmeraie, ena amalola anthu osagona pomwepo kulipira tsiku limodzi kuti asambire m'maiwe aakulu. Afunseni a riad akupezereni lotenthetsedwa, mupatule tsiku lachitatu la ulendo wanu, mukasambire mpaka zala zichite makwinya.