Za monita yolemera ija: yambani ndi sikelo, sitolo pambuyo

Achimwene, ndaona funso lanu la monita ya mainchesi 43, yomwe mukufuna muziichotsa mu ofesi n'kupita nayo m'chipinda chomwe mumaphunzitsiramo achinyamata kompyuta, ndipo mukufunsa ngati mugule mkono womangirira patebulo kapena kangolo ka matayala. Ine ndinena za chonyamulira chokha, chifukwa ndinaona nacho zakuda.

Mkono womangirira patebulo uchotseni m'maganizo. Ndili ndi kamalo kojambulira zikalata kuno ku Ulongwe wa ku Angónia, m'dziko la Mozambique, ndipo chaka chatha ndinagula mkono wotero m'sitolo ina ku Tete, pa mameticais pafupifupi 3,500. Wogulitsa anangondionetsa nambala ya mainchesi pa katoni, ine n'kulipira. Monita yanga inali ya mainchesi 32 chabe. Mkonowo unalibe vuto lalikulu, cholakwa chinali tebulo. Linali la matabwa a utuchi wopanikiza aja, osalala pamwamba koma m'kati ngati gaga. Mvula itayamba, chinyezi chinalowa pomwe chitsulo chinaluma. Tsiku lina m'mawa ndikutsegula chitseko ndinapeza monita itagwa chafufumimba pasimenti, chidutswa cha tebulo chidakali m'kamwa mwa chomangira. Nditaiyatsa, theka la sikirini linali bii, theka linalo mizere ngati ukonde wa kangaude. Panja anthu atatu anali akudikira kuti ndiwalembere makalata ofunsira ntchito, ndipo ndinawabweza. Mpaka lero ndikaona tebulo la mtundu umenewo mtima umandipweteka.

Ndiye yanuyo ndi yaikulu kuposa yanga ija. Musanapite kulikonse, dziwani kulemera kwake mutachotsa phazi. Kumbuyo kuli kapepala ka nambala ya mtundu wake, ilembeni pa intaneti mupeza. Apo ayi, pitani kwa ogula soya kapena chimanga amene ali ndi sikelo yapansi, muimepo mutainyamula, muimeponso opanda kanthu, muchotsere. Mamonita ambiri a msinkhu umenewu amapitirira makilogalamu 10. Mikono yotchipa yomwe yadzaza pa intaneti, monga North Bayou F80, imathera pa makilogalamu 9. Ergotron LX imafika 11.3. Yomwe ingathedi ndi Ergotron HX, ya makilogalamu 9.1 mpaka 19.1, koma mukaphatikiza mtengo wake ndi wotumizira kuchokera ku Maputo kapena ku South Africa, ndalama zake n'zogulira monita ina. Komanso ikafika ifunabe tebulo la thabwa lenileni, ndipo siikuthandizani kusuntha chipinda ndi chipinda.

Amene akuti mungokhoma pakhoma ndi misomali ya konkire sanawerenge funso lanu bwino, poti inu mukufuna chinthu choyenda. Komanso malangizo amenewo ndi oopsa. Nyumba zathu zambiri njerwa zake anamangira matope, simenti ili pa pulasitala pokha. Msomali umaoneka ngati wagwira, koma ukuzuka pang'onopang'ono, ndipo pansi pake pakhala ana a eni. Amene akufunadi pakhoma aboole mpaka kuseri, adutsitse mabawuti aatali, kuseriko aikeko chitsulo chafulati.

Kwa inu ndi kangolo basi, ndipo musagule kopangiratu. Komwe ndinakaona ku Tete kanali kupitirira mameticais 10,000, zitsulo zake zopyapyala, matayala apulasitiki ang'onoang'ono oyenera pansi pa matailosi. Pakhomo pathu pamakhala kachitunda ka simenti kotchinga madzi, ndipo tayala laling'ono likagunda pamenepo limaima nji, pamwamba n'kupitirira. Ine ndinapita kwa wowotcherera zitsulo, serralheiro amene amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Zonse pamodzi, zitsulo, matayala, penti ndi ntchito yake, zinandidyera pakati pa 5,000 ndi 6,000. Mitengo ya zitsulo yasintha, ndiye muwonjezerepo pang'ono.

Koma musangomuuza kuti "ndipangireni choikapo TV", akupangirani chachitali chowonda miyendo. Mumuuze miyeso. Pansi pakhale potambalala, masentimita 70 m'lifupi ndi 60 kapena kuposa kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo miyendo itulukire kutsogolo kwa sikirini chifukwa kulemera konse kumakokera komweko. Agwiritse ntchito paipi ya makona anayi ya mamilimita 40, mizati iwiri yoimirira osati umodzi, poti umodzi umagwedera ngati bango. Matayala akhale a labala, a masentimita 10, anayi, awiri okhala ndi mabuleki. Matayalawo gulani nokha. Ine ndinawapeza m'masitolo a zipangizo zomangira ku Tete. Ngati muli mbali ya ku Calómue kapena ku Biri Biri, ku Dedza ndi ku Ntcheu kungakufupikireni. Wowotcherera akakupezerani yekha, nthawi zambiri amakhala ozulidwa ku chinthu china chakale.

Pofunika kudekha kwambiri ndi pa chitsulo chomwe monita imamangidwapo. Kumbuyo kwa monita kuli mabowo anayi, ndipo katalikirana kwake kamatsata muyeso wotchedwa VESA. Mamonita ang'ono amakhala 75 ndi 75 kapena 100 ndi 100 mamilimita, a mabawuti a M4. Aakulu ngati yanu ambiri amakhala 200 ndi 200, a M6. Yezani ndi rula kuchoka pakati pa bowo kufika pakati pa linzake. Kenako ikani pepala kumbuyoko, mupake pensulo kuti mabowo aoneke, pepalalo ndi lomwe mupite nalo. Monita isapite ku malo owotcherera. Kumene kuja kumathetheka moto, fumbi la zitsulo lili ponseponse, ndipo anyamata othandiza amanyamula chilichonse ngati akunyamula geti. Chitsulocho chikhale chokhuthala mamilimita 3, mabowo aboole ndi dirilo, asaboole ndi ndodo yowotcherera chifukwa amatuluka aakulu ndi okhota. Chisakhalenso chachikulu mpaka kutseka timabowo topumira mpweya. Ife ku Angónia kumazizira, koma inu ngati muli ku Tete kapena ku Moatize, kutentha kwa Okutobala ndi fumbi la malasha zimapha chipangizo chotsekedwa kumsana.

Mabawuti musamale nawo kutalika. Lalitali likalowa mopitirira limakagunda za m'kati, ndipo mumaononga monita ndi dzanja lanu lomwe. Lowetsani kamtengo ka machesi m'bowo kuti mudziwe kuya kwake, muwonjezere kukhuthala kwa chitsulo chija, mugule osapitirira pamenepo. Pomanga mukhale awiri, wina agwire wina amange, ndipo likayamba kulimba lekani, musakakamize.

Musanamalize kulipira, yesani. Ine ndinatenga thumba la chimanga cha makilogalamu 20, ndinalimangirira pa chitsulo chija, n'kukankha kangolo kudutsa pakhomo kangapo, kutsogolo ndi cham'mbali. Ulendo wachitatu ndinaona mzati wina ukupendekera, pomwe anawotcherera panali patang'ambika ngati tsitsi. Anawotchereranso n'kuikapo kachitsulo kochirikiza mopingasa. Chikanakhala kuti pamenepo panali monita, bwenzi ndikulira kachiwiri. Wowotcherera wodziwa ntchito sakwiya ndi zimenezi, wangayo anachita kukankha yekha.

Mumuuzenso aike kashelefu pansi penipeni, pafupi ndi matayala. Pamenepo ikanipo UPS, kabokosi ka batire kopatsa monita magetsi akazima. Kulemera kwa batire yake kumakhazika kangolo pansi, komanso nyengo ya ziphaliwali monita imatetezeka magetsi akamaphethira. Zingwe zonse zimangidwe ku mzati, chituluke chimodzi chokha chopita kukhoma, chifukwa chingwe chokwawa pansi chimakola tayala. Ndipo ngati monitayo munagula ku Malawi, pulagi yake ndi ya mano atatu amakona, pomwe masoketi athu ambiri ndi a mano awiri ozungulira. Musadalire timaadaputa togwedera tija pa chinthu choyendayenda, timathetheka. Gulani chingwe cha magetsi cha mano a kuno, sichidula.

Kutalika kwake muyeze ana atakhala pamipando, pakati pa sikirini palingane ndi maso awo kapena kukwererapo pang'ono. Mukakweza kwambiri kangolo kamagwa msanga, ndipo ana amakonda kukoloweka manja pa chilichonse cha matayala, choncho mabuleki azikhala otseka nthawi zonse mukafika nako. Tumizani chithunzi cha kumbuyo kwa monita ndi cha pakhomo pomwe muzidutsa, ndikujambulirani miyeso papepala kuti mukangomupatsa wowotcherera.