Antivirus ikuti yachotsa worm, mawa lake yabweranso

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Rosettenville. Akuti laputopu yawo, yomwe anagula yakale m'tauni, tsiku lililonse imatulutsa uthenga woti yapeza worm. Amadina kuti ichotsedwe, antivirus n'kunena kuti zatheka, koma kukacha uthenga uja uli pompo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi antivirus yangayi ndi yabodza, kapena laputopuyi ndingoitaya?"

Achemwali, musataye kalikonse. Antivirus yanu ikupha zomwe yaziona, koma kumene zikuchokerako sikunafikidwe. Mukuthira chimanga chabwino m'thumba lomwe muli anankafumbwe.

Worm ndi kachilombo kodzichulukitsa kokha, kamayenda pa netiweki kapena pa fulashi. Worm ina yotchedwa Conficker, yomwe inabuka mu 2008, inkadzera njira zonse ziwirizi.

Ndiye uthenga ukabweranso musathamangire kudina. Yambani mwawerenga pomwe palembedwa malo amene fayiloyo yapezeka. Pakayamba ndi E: kapena F:, nthawi zambiri wolakwa ndi fulashi, ndipo ine ndikuganizira imeneyo. Kuno ku Joni fulashi imodzi imayenda ngati minibasi: lero ku internet cafe kukapulinta CV, mawa kwa alamu kukatenga nyimbo zakumudzi, mkuja kwa wojambula zithunzi. Chaka chatha inenso ndinakapulintitsa mapepala pa cafe ina kufupi ndi Park Station. Pofika kunyumba mafoda anga onse anali atasanduka ma shortcut, iliyonse ili ndi kamuvi kakang'ono pakona. Ukadina, foda imatseguka bwinobwino, iwe n'kumati zonse zili bwino, osadziwa kuti wangodzutsa worm ija.

Mafayilo enieni amakhala angobisidwa. Tsegulani Command Prompt, lembani attrib -h -r -s /s /d F:\*.* (m'malo mwa F muike chilembo cha fulashi yanu), ndipo aonekeranso. Koperani zikalata ndi zithunzi zokha. Chilichonse chothera ndi .lnk, .vbs kapena .exe chisiyeni momwemo, fulashiyo muifomate. Muchite chimodzimodzi ndi fulashi iliyonse ya m'nyumbamo, ngakhale memory card ya ana.

Malo aja akayamba ndi C:, makamaka mu AppData kapena Temp, ndiye kuti muli kapulogalamu komwe kamaibwezeretsa kompyuta ikangoyaka. Apa pitani ku Windows Security, kenako Virus & threat protection, Scan options, musankhe Microsoft Defender Offline scan. Laputopu izima n'kuyakanso yokha, ndipo ifufuza Windows isanadzuke, nthawi yomwe worm singathe kubisala. Zimatenga mphindi pafupifupi 15, choncho ikhale ili pa chaja. Mukatero fufuzaninso ndi antivirus ina yaulere yotchedwa Malwarebytes, komanso musuzumire pa Startup mu Task Manager ngati pali dzina lachilendo. Malo aja akakhala mu System Volume Information, worm yabisala mu restore point yakale (kope lomwe Windows imasunga kuti ibwerere momwe inalili kale); fufutani ma restore point onsewo.

Koma chenjerani, si uthenga uliwonse umachokera ku antivirus. Ukatulukira pakona uli ndi chizindikiro cha Chrome, n'kumakuuzani kuti muimbe nambala ina kapena mulipire, amenewo ndi akamberembere. Tsiku lina munadina Allow pa tsamba la mafilimu. Lowani mu Settings ya Chrome, pa Notifications, mutseke tsambalo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi chakuti laputopuyi ndi yogula yakale. Zambiri zotere zimabwera ndi Office ya crack (yothyoledwa kuti igwire ntchito osalipira), ndipo crack nthawi zina imabwera ndi alendo ake. Onaninso Windows yomwe ilimo: Microsoft inasiya kupereka ma update a Windows 7 mu January 2020, ndipo nthawi ya Windows 10 inatha mu October 2025. Kachilombo ka WannaCry komwe kanasokoneza zipatala ku Britain mu May 2017 kanalowera pa makompyuta osapangidwa update. Mukayesa zonsezi koma uthenga n'kubwerabe, sungani zikalata zanu pena, muikemo Windows yatsopano.

Pakadali pano musalowe ku banki kapena kutumiza ndalama kumudzi pa laputopuyi. Mapasiwedi a imelo ndi Facebook muwasinthire pa foni. CV ija muzitumiza kwa a cafe ngati PDF pa WhatsApp, fulashi izitsala kunyumba.