Boma likangoti "uyu ndi chigawenga", ndiye kuti lapeza chilolezo chomupha?

Achimwene, funso lanu ndinaliona m'mawa ndili mu tekisi ya ku Randburg, koma ndinati ndiyankhe ndikaweruka chifukwa si nkhani yoyankha uli chiimire. Mwafunsa ngati malamulo a dziko lonse amalola kuti dziko ngati America litumize droni, ndege yopanda munthu mkati, kukapha munthu amene likumutcha chigawenga m'dziko la eni, osamugwira, osamuzenga mlandu. Ena pamwambapa ati "chigawenga chife basi". Mkwiyo wawo ndikuumva. Amene watsatira zomwe zakhala zikuchitika ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kuyambira 2017 sangawamvere chisoni anthu odula anzawo makosi. Koma lamulo silinena choncho.

Pali mafunso awiri, ndipo anthu amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti, walowa bwanji m'dziko la mwini? Pangano lokhazikitsa United Nations la 1945, ndime 2(4), limaletsa dziko kugwiritsa ntchito zida pa dziko linzake. Makomo otseguka ndi ochepa: eni dziko avomere, Security Council, nthambi ya United Nations yoona za chitetezo, ilole, kapena ukhale ukudziteteza utaukiridwa, monga ikunenera ndime 51. America imawonjezera khomo lakelake, loti ngati boma la kumeneko silikufuna kapena likulephera kuthana ndi zigawenga, iyo ikhoza kulowa yokha. Mayiko ambiri mfundo imeneyi sanaivomereze. Osama bin Laden, mtsogoleri wa gulu la al-Qaeda, anaphedwa ndi asilikali a America ku Abbottabad, m'dziko la Pakistan, pa 2 May 2011 boma la Pakistan lisanauzidwe, ndipo Pakistan inadandaula poyera.

Funso lachiwiri ndi limene limandigwira mtima: ngakhale eni dziko atakutsegulira chitseko, munthuyo uli ndi ufulu womupha? Ngati pamalopo pali nkhondo yeniyeni, malamulo a Geneva a 1949 ndi zowonjezera zake za 1977 amalola kuwombera womenya nkhondo popanda kumutengera kukhoti, bola usalunjike anthu wamba, ndiponso imfa za anthu wamba zisachuluke mopyola phindu la kunkhondo lomwe ukuyembekezera. Ngati palibe nkhondo, chimagwira ntchito ndi pangano la ufulu wachibadwidwe la 1966, ndime 6. Pamenepo kupha kumaloledwa pokhapokha moyo wa munthu wina uli pachiswe nthawi yomweyo ndipo palibe njira ina. Kupha munthu chifukwa cha zomwe anachita chaka chatha ndi chilango, ndipo chilango chimachokera kukhoti. Si zachilendo zimenezi. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko kuno ku South Africa, la pa Constitution Hill apa, pa mlandu wa Walters mu 2002, linanena kuti wapolisi sangaombere munthu kungoti chifukwa akuthawa.

Ndiye mkangano wonse wagona pa mawu akuti nkhondo. Kuyambira 2001 America yakhala ikunena kuti ili pankhondo ndi al-Qaeda ndi magulu ogwirizana nayo kulikonse komwe ali. Tikavomera zimenezo, ndiye kuti msika uliwonse, ngakhale wa ku Mayfair kuno ku Johannesburg, ukhoza kusanduka bwalo la nkhondo. Malemu Christof Heyns wa ku yunivesite ya Pretoria, amene anali katswiri wa United Nations pa nkhani za kupha anthu popanda mlandu, anachenjeza za madroni mu lipoti lake la 2013. Amene anamulowa m'malo, Agnès Callamard, ananena mu 2020 kuti kuphedwa kwa Qasem Soleimani, mkulu wa asilikali wa ku Iran, ndi droni ya America pa bwalo la ndege la Baghdad kunali kosemphana ndi malamulo, popeza America sinaonetse umboni woti panali chiwembu chimene chinali pafupi kuchitika.

Tsono ife amene tikukhala kuno tisaiwale msanga. Boma la tsankho nalonso linkati likulimbana ndi zigawenga. Ruth First, mayi wolimbana ndi tsankholo, anaphedwa ndi bomba la m'kalata mu ofesi yake ku Maputo mu August 1982. Asilikali a kuno anakapha anthu m'nyumba zawo ku Maseru mu December chaka chomwecho, ndi ku Gaborone mu 1985. Dzina la Nelson Mandela linachotsedwa pa mndandanda wa America wa anthu oganiziridwa zauchigawenga mu 2008, atapuma kale upulezidenti. Kwathunso tikudziwa. Attati Mpakati, mtsogoleri wa LESOMA, gulu lotsutsa boma la Kamuzu Banda, anavulazidwa manja ndi bomba la m'kalata mu 1979, kenaka anapezeka ataphedwa ku Harare mu 1983. Agogo anga dzina limeneli ankalitchula monong'ona, chitseko chili chotseka. Amene ali ndi mfuti ndi amenenso amagawa dzina lakuti chigawenga, ndipo ine zimenezi zimandiopsa kuposa droniyo.

Sindikunena kuti kupha kotere n'koletsedwa nthawi zonse. Mkulu wa gulu la zida amene akutsogolera nkhondo pamalo pomwe nkhondo ikumenyedwadi akhoza kuwomberedwa, lamulo silikana. Ngakhale khoti lalikulu la Israel mu 2006 silinaletse zonse, koma linati pakhale umboni wokwanira, munthu agwidwe ngati n'kotheka kumugwira, ndipo pambuyo pake pakhale kafukufuku woima payekha. Vuto ndi loti umboni umakhala wachinsinsi, ndipo wofufuza, woweruza ndi wowombera amakhala boma limodzi lomwelo.

Inu amene mwati "afe basi", taganizirani za pa 29 August 2021 ku Kabul, m'dziko la Afghanistan. Bambo wina wogwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu ndi chakudya anathira madzi m'zigubu kuntchito, n'kuziika mu Toyota Corolla yoyera kuti apite nazo kunyumba. Droni ya America inamulondola kwa maola ambiri, owonera pa kompyuta n'kumaganiza kuti zigubuzo ndi mabomba. Atangolowa pabwalo la nyumba yake, ana atathamangira galimoto kudzamuchingamira, mzinga unagwa. Anafa anthu 10, mwa iwo ana 7. Poyamba asilikali a America anati aphulitsa galimoto ya zigawenga. Atolankhani atafukula nkhaniyi, anavomera kuti analakwitsa. Mu December chaka chomwecho analengeza kuti palibe msilikali aliyense amene adzalangidwe.