Keke ya uchi ya Rosh Hashanah: iphikeni kudakali masiku

Achemwali, mwati banja la Chiyuda lomwe mumagwirako ntchito ku Johannesburg lakupemphani keke ya uchi ya chaka chawo chatsopano, chomwe amachitcha Rosh Hashanah, ndipo yomwe munayesa inada kunja mkati muli phala. Musataye mtima, vuto ndi moto. Uchi umapserera msanga kuposa shuga, ndiye uvuni usapitirire madigiri 170. Mtandawo muugawe m'mathini awiri a buledi, chifukwa thini imodzi yakuya ndi imene imachititsa kuti pakati pakhale posapsa kenako n'kutitimira.

Kekeyi amaitcha lekach, ndipo ndi ya Ayuda ochokera ku Germany ndi kum'mawa kwa Ulaya. Amaidya pa Rosh Hashanah, mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, pamodzi ndi maapozi osunsa mu uchi, pofunirana chaka chokoma.

Ine ndimayeza chonchi: fulawa makapu 3, baking powder masupuni aang'ono 2, soda supuni yaing'ono 1, sinamoni masupuni aang'ono 2, jinja ndi cloves theka la supuni chilichonse, ndi kamchere. M'mbale ina menyani mazira 3, kapu ya shuga wofiirira, kapu ya mafuta ophikira yosadzaza kwenikweni, kapu ya uchi, ndi kapu ya khofi wamphamvu wozizira. Yambani mwayeza mafuta, kenako uchi m'kapu yomweyo, muona ukutsetsereka wonse osakakamira. Sakanizani za m'mbale ziwirizi mpaka timibulu tithe basi. Mtanda wake umakhala wamadzimadzi ndipo ambiri amachita mantha n'kuonjezera fulawa. Chonde musatero, imeneyo ndiye keke youma yomwe anthu amaidandaula. Pakatha mphindi 45 bayani kamtengo pakati, ndipo ngati pamwamba pakuda msanga vindikirani ndi foyilo.

Batala kapena mkaka musaikemo ngakhale pang'ono. Malamulo a Chiyuda a zakudya, otchedwa kosher, salola kusakaniza nyama ndi za mkaka, ndipo chakudya cha usiku wa Rosh Hashanah nthawi zambiri chimakhala cha nyama. Mafuta ndi khofi ndi zomwe zimalola kuti kekeyi ifike patebulo. Mazira muziswera m'kapu limodzilimodzi, lokhala ndi kadontho ka magazi mulitaye. Funsaninso mayi a nyumba za mbale ndi mathini oti mugwiritse ntchito, ndipo muphikire kukhitchini kwawo komweko, poti ena osunga kosher mosamala sadya zophikidwa m'ziwiya zakunja.

Langizo langa lalikulu n'lakuti muiphike kutatsala masiku awiri kapena atatu. Ikazizira ikulungeni bwino, isalowe mufiriji. Uchi umakoka chinyezi, ndiye tsiku lachitatu pamwamba pamakhala ponata pang'ono, mkati mofewa, ndipo sinamoni amakhala atalowerera. Ngati m'nyumbamo muli khanda losakwana chaka, lisalaweko, chifukwa uchi ngakhale wophika suli woyenera kwa makanda.