Zija sizinali zinyalala, mayi

Mayi, mwafunsa chifukwa chake bambo a kunyumba anakwiya mpaka kukana nsima mutawasesera m'chisakasa chawo chosemera ziboliboli, zidutswa zina n'kusonkhezera pamoto. Munachita ndi mtima wabwino, koma zija sizinali zinyalala.

Ine ndinakulira ku Senga Bay kwa amalume, amene ankasema n'kumagulitsa kwa alendo obwera kunyanja. M'chisakasa mwawo munalibe poponda. Zidutswa za phingo ndi mlombwa zili mbwee, sompho apa, sanipepa wakutha apo, zitini za polishi wa nsapato, pakona pali mvuu yopanda miyendo yakumbuyo imene inakhala pamenepo chaka chathunthu. Panali kachidutswa ka phingo kokhota, kokhala ndi mzere woyera m'mbali, kamene ine ndinkangofuna kukataya. Tsiku lina m'mawa akumwa tiyi anakayang'anitsitsa, kukatola, kukatembenuza kawiri. Pofika madzulo kanali msodzi ali m'bwato, mzere woyera uja utasanduka nkhafi. Mpaka lero ndimakaona m'maso.

Wosema nthawi zambiri amauzidwa ndi mtengo chimene ukufuna kukhala. Ndiye mtengowo uyenera kukhala poti diso lizigwerapo tsiku ndi tsiku, akamadutsa, akamanola, akamacheza. Mukaulongedza m'katoni, waiwalika basi. Komanso pamene inu mukuona chipwirikiti, dzanja lawo limadziwa pali chilichonse, ngakhale mumdima.

Si kwathu kuno kokha. Katswiri wojambula zithunzi, Francis Bacon, ankagwirira ntchito m'kachipinda ku London kodzaza mapepala ong'ambika ndi zitini za penti. Anamwalira mu 1992, ndipo mu 1998 anthu anasamutsira chipinda chonsecho ku Dublin, m'dziko la Ireland, zinthu zoposa 7,000, ndi fumbi lomwe.

Komabe pena mukunena zoona. Utuchi umatsokomoletsa, ndipo mwera ukawomba umalowa mpaka mumphika. Pansi pa milu ya mitengo m'posavuta kubisala chinkhanira, nanga kutentha kwa Salima mukukudziwa. Zitsulo zakuthwa zisakhale pofikira ana. Izi kambiranani, mugwirizane kuti inu muzisesa panjira ndi pakhomo pokha, m'katimo azisesa okha.

Za zomwe zinapsazo kawapepeseni ndithu. Phingo masiku ano akusowa, amachokera kutali, ndipo mwina pakati pa zidutswazo panali chimene anachisunga miyezi akudikira kuti chiwauze.