Thumba la chimanga pa thabwa lopendekeka: sin apite kuti, cos apite kuti?

Mtsikana wina wa Fomu 4 wa ku Chinamwali wanditumizira imelo sabata ino. Akuti: "Aphunzitsi, mafunso a katundu wotsetsereka pamalo opendekeka amandizunguza mutu. Ndimadziwa kuti pali mg sin θ ndi mg cos θ, koma ndikangokhala pa mayeso ndimasokoneza. Komanso n'chifukwa chiyani makilogalamu amasowa pa yankho la acceleration?"

Mwana wanga, mutu wako uli bwinobwino. Chavuta n'choti unaloweza pamtima chinthu chofunika kuchiona ndi maso, ndiye tiye tichione.

Lole yaima pamsika wa Zomba, anyamata atsamiritsa thabwa kumbuyo kwake, akutsitsirapo matumba a chimanga a makilogalamu 50. Tinene kuti thabwalo lakwera madigiri 30 kuchokera pansi, ndipo ngodya imeneyi ndiyo θ. Dziko likukoka thumba lililonse molunjika pansi ndi mphamvu ya mg, kutanthauza m (makilogalamu a thumba) kuchulukitsa ndi g (acceleration, kapena kuti kuwonjezeka kwa liwiro, kwa chinthu chimene chikugwa). Tikatenga g kukhala 10, mphamvuyo ndi 500 N (N ndi newton, muyeso wa mphamvu). Mafunso ena amapereka 9.8, iwe uzitsatira imene wapatsidwa. Komatu thumba silingapite molunjika pansi, thabwa latchinga. Njira imene lili nayo ndi imodzi basi, kutsata thabwalo. N'chifukwa chake 500 N ija timaigawa pawiri: gawo lokokera thumba kumtsetse, ndi gawo lokanikiza thumba pathabwa. Palibe mphamvu yatsopano yabwera apa. Ndi imodzi yomwe ija, tangoiyang'ana mbali ziwiri.

Tsono pa sin ndi cos usalowezenso. Ukakayika, ligoneke thabwalo pansi m'maganizo mwako, ngodya ikhale 0. Kodi thumba liyenda? Ayi, lingokhala. Ndiye kuti gawo lokokera kumtsetse liyenera kukhala 0, ndipo amene amapereka 0 pa madigiri 0 ndi sin. Liimike chilili, madigiri 90. Thumba lingogwa osakanikizanso thabwa, ndipo amene amapereka 0 pa madigiri 90 ndi cos. Basi, kumtsetse mg sin θ, kukanikiza mg cos θ. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa imakupulumutsa ngakhale wolemba funso atapereka ngodya kuchokera ku khoma m'malo mochokera pansi. Pamenepo sin ndi cos amasinthana malo, ndipo woloweza uja amagwa chagada.

Tiwerengere. Kumtsetse, popeza sin 30° ndi 0.5, tili ndi 500 × 0.5, ndiye 250 N. Kukanikiza thabwa, popeza cos 30° ndi 0.866, tili ndi 500 × 0.866, ndiye 433 N. Popeza thumba silikuboola thabwa komanso silikudumpha, thabwa likubweza mphamvu yofanana, normal reaction R, ya 433 N. Apa ndi pomwe ana ambiri amataya malikisi. Amalemba R = 500 N ngati kuti thumba lili pa simenti yam'nyumba. Pamalo opendekeka R amachepa nthawi zonse kuyerekeza ndi kulemera kwa katundu, bola pasakhale wina womukanikiza.

Friction, kukhulana kwa saka ndi thabwa, imalimbana ndi kumene katundu akupita, choncho muvi wake uloze kumtunda. Funso likati μ, nambala yosonyeza kukula kwa kukhulanako, ndi 0.3, friction ndi μR, pafupifupi 130 N. Yotsala yoyendetsa thumba ndi 250 kuchotsa 130, ndiye 120 N. Lamulo lachiwiri la Isaac Newton, limene analifalitsa mu 1687, likuti F = ma (mphamvu ndi makilogalamu kuchulukitsa ndi acceleration), ndiye 120 kugawa ndi 50 ikutipatsa 2.4 m/s². Thabwa likanakhala losalala kotheratu, yankho likanakhala 5 m/s², theka la g.

Makilogalamu aja akupita kuti? Lemba zonse ndi zilembo: ma = mg sin θ − μmg cos θ. Chilembo m chili paliponse, ndiye ukagawa chimachoka, n'kutsala a = g sin θ − μg cos θ. Thumba lolemera limakokedwa kwambiri, inde, koma limafunanso mphamvu yambiri kuti liwonjezere liwiro, ndipo ziwirizi zimakwanirana ndendende. Galileo Galilei wa ku Italy anagubuduza mipira yachitsulo m'kangalande ka pathabwa lopendekeka, nthawi akuyeza ndi madzi otuluka m'chotengera, ndipo zotsatira anazifalitsa mu 1638. Anapeza kuti nthawi ikachuluka kawiri, mtunda umachuluka kanayi. Thabwalo linkachedwetsa kugwa kwa mpira kuti athe kuyeza, poti wotchi yoyeza molondola kanthawi kochepa chonchi panthawiyo kunalibe.

Koma usaganize kuti kulemera kulibe ntchito. Ukadzuka m'mawa n'kuima pamsewu wotsika ku Ku Chawe, uwaona abambo akutsika ndi njinga zosanja nkhuni kupitirira mutu. Sakwera. Amayenda pambali, zala zitafinya mabuleki, msana utapendekera kumbuyo, nsapato zikukhula phula. Iwo akufuna acceleration ikhale 0, ndiye ayenera kubweza mg sin θ yense. Katundu wa makilogalamu 100 pamtsetse wa madigiri 10 amakoka ndi pafupifupi 174 N, ndipo ukawirikiza nkhuni mphamvuyo imawirikizanso. Makilogalamu amasowa pa acceleration pokha, pa mphamvu alipo ndithu.

Pa MSCE usayambe ndi fomula. Jambula thabwa, bokosi pamwamba pake, ndi mivi itatu: mg molunjika pansi, R wochoka pathabwa mopanga madigiri 90, friction kumtunda. Ena amawonjezera muvi wachinayi woti ndi "mphamvu yotsitsa" kenako n'kuwerengeranso mg yense. Kumeneko n'kuwerenga chinthu chimodzi kawiri.

Ndikusiyire ntchito. Tsitsa thabwa lija lifike madigiri 15, μ akhalebe 0.3. Kumtsetse upeza pafupifupi 129 N, pomwe μR ndi pafupifupi 145 N. Ukachotsera mwachimbulimbuli yankho likhala lochepera 0, ngati kuti thumba likwera lokha kubwerera mulole. Sizingatheke. Mtengo wa μR ndi malire chabe a friction. Apa friction ingofika pa 129 N, thumba likhala phee, ndipo acceleration ndi 0. Peza ngodya imene thumbalo liyambire kusuntha, poyambira pako pakhale mg sin θ = μmg cos θ, unditumizire yankho ndi chojambula chako.